Mwana wanga akupita ku Catania, Italy, kodi kutentha kwake nkotani kwenikweni?

MayiWaKuZomba

Moni nonse abale anga muno, makamaka inu amene muli ku Italy kapena munakhalako. Mwana wanga wamkazi wapeza sikolashipu yokaphunzira za ulimi ku yunivesite ya ku Catania pa chilumba cha Sicily, akuyenera kunyamuka kumapeto kwa Sepitembala ndipo akakhalako zaka ziwiri. Pakhomo pano tonse tinali pa chisangalalo mpaka mlamu wanga atanditumizira nkhani pa WhatsApp yoti kumeneko kunatenthapo mpaka madigiri 48.8, eti ndi kufupi komweko ndi komwe mwanayu akupita, nde mtima wanga sukukhazikika. Ife tinali titayamba kale kusakasaka majekete ndi majuzi pa kaunjika poti tikamva za ku Ulaya timaganiza za kuzizira basi, pano sindikudziwa kuti mu sutikesi muikidwe chani. Chomwe chikundidetsa nkhawa kwambiri nchoti mwanayu ali ndi mphumu kuyambira ali wamng'ono, komanso wakulira kuno ku Zomba komwe ngakhale Okutobala usiku kumabwera kamphepo kochokera kuphiri. Nde ndifunse, kodi 48.8 imeneyi ndi yoona, ndipo ndi ya tsiku ndi tsiku kapena inangochitika kamodzi? Anthu kumeneko amakhala bwanji kukatentha choncho, sukulu amapita? Nanga kuzizira kuliko kapena majeketewa tisavutike nawo? Chonde ndiuzeni chilungamo, osandinyengerera ayi.

MwanaWaNchalo

Amayi musadandaule, azungu kukangofika 35 amayamba kale kulengeza pa TV ngati dziko likutha. Ife kuno ku Nchalo, Ngabu mpaka ku Nsanje Okutobala ndi Novembala 40 ndi yamasiku onse ndipo anthu amadula nzimbe, amapalasa kabaza, ana amapita ku sukulu opanda fani opanda chani. Mmalawi dzuwa silingamugonjetse ku Ulaya. Angomwa madzi basi, majeketewo pitirizani kugula.

WaKuPalermo

Mayi moni, ndipo mwana wathuyo wachita bwino kwambiri, tikumulandira ndi manja awiri. Ine ndimakhala ku Palermo pa Sicily pomwepa, Catania ili kum'mawa kwa chilumbachi ife tili kumpoto chakumadzulo, pa basi ndi ulendo wosakwana maola atatu. Nkhani ya 48.8 ija si zopeka za pa WhatsApp ayi ndi yoona. Inachitika pa 11 Ogasiti 2021 kufupi ndi tauni ya Floridia m'dera la Siracusa, makilomita pafupifupi 60 kummwera kwa Catania, ndipo bungwe la zanyengo la dziko lonse la WMO linachita kutenga chipangizo choyezera chija nkukachiunika, kenako mu Januwale 2024 linatsimikiza kuti imeneyi ndi nambala yapamwamba kwambiri yomwe inayezedwapo ku Ulaya. Isanabwere iyi rekodi inali ya ku Athens ku Greece, madigiri 48.0 m'chaka cha 1977. Koma si ya tsiku ndi tsiku, tsiku wamba la Julayi kapena Ogasiti ku Catania masana kumakhala cha m'ma 32 mpaka 35, nde mkati mwakemo mumabwera sabata imodzi kapena awiri pomwe kumadumpha 40, masiku amenewo ndi amene amavuta.

Choyamba chomwe mwanayo azolowere nchoti nyengo ya kuno ndi yotembenuka. Kwathu kukatentha kwambiri timadziwa kuti mvula ili pafupi, mitambo imaunjikana masana, ikagwa kamodzi dziko lonse limapuma. Kuno nthawi yotentha ndiye yopanda mvula, kuyambira Juni mpaka Ogasiti ku Sicily mutha kutha miyezi osaona dontho, kumwamba kuli mbee, udzu wonse wauma, mvula imadzabwera nthawi yozizira, kuyambira cha mu Okutobala mpaka Malichi. Amene ali ku Cape Town akudziwa zomwe ndikunena chifukwa kwawonso zili choncho, kungoti miyezi yake ndi yosiyana. Chachiwiri ndi kutalika kwa tsiku, mu Juni dzuwa limalowa 8 koloko ya usiku itadutsa, masana amakwana maola oposa 14, ndiye makoma, phula ndi miyala zimakhala zikumwa dzuwa nthawi yonseyo nkumalavula kutenthako usiku. Ku Catania misewu ndi nyumba zambiri zakale anamangira mwala wakuda wa chiphalaphala cha phiri la Etna, mwala umenewo 10 koloko ya usiku ukauponda ndi silipasi umamva kuti ukadali wofunda.

Nde pali mphepo ina amaitcha scirocco, imachokera ku chipululu cha Sahara nkuwoloka nyanja, poti Tunisia ili pafupi kwambiri ndi Sicily. Ikamaomba sikuti imakuziziritsa ayi, umamva ngati waima pafupi ndi uvuni wa njerwa womwe akuotcha, kumwamba kumasanduka kwachikasu, ndipo m'mawa magalimoto ndi zovala za pa chingwe zimapezeka ndi fumbi lofiirira. Kumapeto kwa Julayi 2023 tinaiona bwinobwino. Pa 24 Julayi kuno ku Palermo kunafika 47, mapiri ozungulira tauni anayaka moto usiku wonse, malo otayirako zinyalala anayakanso utsi wake unali wonunkha mapulasitiki, bwalo la ndege linatsekedwa kwa maola angapo. Ine ndimagwira ntchito ku khitchini ya lesitilanti ina, usiku umenewo pobwerera kunyumba phulusa limagwa pa malaya, ndinagona pansi pa matailosi nditafunda thaulo lonyowa mawindo otseka chifukwa cha utsi. Ku Catania komwe mwanayo akupita sabata imeneyo nthambo za magetsi za pansi pa nthaka zinapsa ndi kutentha, madera ambiri anakhala masiku opanda magetsi, mapampu ataima madzinso anasiya kutuluka. Ndiye za kutunga madzi m'zigubu ndi kusunga pawabanki yodzadza asaziiwale poti wakwera ndege.

Mmene anthu amakhalira ndi nkhani yongotsatira eni dziko. Nyumba za kuno zili ndi zotsekera mawindo za kunja, zamatabwa kapena zokoka ndi lamba, m'mawa kwambiri amatsegula zonse mpweya wozizira ulowe, dzuwa likangokwera amatseka zonse nyumba kukhala mdima mpaka madzulo. Ife Amalawi kukatentha timathamangira kutsegula mawindo, kuno masana ukatero ukungolowetsa moto m'nyumba. Mashopu ang'onoang'ono ambiri amatseka cha m'ma 1 koloko kudzatsegula cha m'ma 4 kapena 5, m'misewu mumangoti zii, kenako madzulo tauni yonse imatuluka, agogo, makanda m'mapulamu, chakudya cha usiku amadya 9 koloko. Ku Catania chilimwe m'mawa anthu amamwera granita, madzi oundana ogayidwa bwino a mandimu kapena a almond, ndi banzi lofewa. Sukulu musade nkhawa kwambiri chifukwa Ogasiti mayunivesite amakhala pa holide, dziko lonse limakhala ngati laima makamaka sabata ya pa 15 Ogasiti, chikondwerero cha Ferragosto. Povuta ndi mayeso a mu Juni ndi Julayi, pamenepo aziwerengera ku laibulale komwe kuli eyakoni.

Majekete asasiye. Ku Catania Januwale masana kumakhala cha m'ma 15, usiku kutsika pansi pa 10, manambala ake saopsa koma nyumba za kuno anazimanga poganizira kutentha, denga lalitali, pansi matailosi, chinyezi cha nyanja, ndiye m'nyumba mumazizira kuposa panja ndipo zovala zochapa siziuma. Ndiponso kuli lamulo la nthawi yoyatsa zotenthetsera nyumba, ku Catania ndi Palermo ndi kuyambira pa 1 Disembala mpaka 31 Malichi kwa maola 8 pa tsiku, pomwe ku Milan amayatsa pa 15 Okutobala mpaka 15 Epulo kwa maola 14. Nyumba zambiri za lendi ya ana asukulu kuno zilibe nkomwe mapaipi otenthetsera, amangodalira kahita ka magetsi kapena ka gasi. Sinowo m'tauni ndi wosowa kwambiri koma akakweza maso adzamuona pa Etna, phirilo ndi lalitali kuposa mamita 3,300, kuposa Sapitwa, ndipo anthu amakaseweramo masewera otsetsereka pa sinowo nyanja akuiona pansi.

NesiKuBologna

Achimwene a ku Nchalo, ndikulemekeza kuti kwanuko kumatentha zedi, inenso ndinagwirapo ntchito ku chigwa cha Shire ndisanabwere kuno, koma mawu oti Mmalawi dzuwa silingamugonjetse ndi amene amapweteketsa anthu athu. Thupi ndi thupi basi, likataya madzi ndi mchere impso sizifunsa pasipoti. Mu Juni 2021 mnyamata wina wa ku Mali wa zaka 27 anamwalira kufupi ndi Brindisi akupalasa njinga kuchokera kumunda komwe anagwira ntchito dzuwa lili pamutu, ku Mali komwe kumatentha kuposa kwathu, ndipo imfa imeneyo ndi yomwe inachititsa boma la chigawo cha Puglia kuletsa ntchito za kumunda kuyambira 12:30 mpaka 4 koloko masana pa masiku oopsa. Pano zigawo zambiri kuphatikizapo Sicily zimatulutsa lamulo lofananalo chilimwe chikafika. Izi ndikuzinena dala chifukwa mwana wa amayiwa akukaphunzira za ulimi, pulakitiko yake ina idzakhala m'minda ya malalanje ndi m'magilinihausi, ndiye asadzachite manyazi kupuma pamthunzi poopa kuti anzake amuona ngati waulesi.

Ine ndimasamalira okalamba, ndipo chilimwe ndi nthawi yomwe timagona ndi diso limodzi. Kuno pafupifupi munthu mmodzi mwa anayi alionse ali ndi zaka 65 kapena kuposa, ambiri amakhala okha m'mafulati a pamwamba, sakumva ludzu, akumwa mankhwala a BP ndi a mtima omwe amachotsa madzi m'thupi. Umapeza gogo amene dzulo amacheza bwinobwino lero akusokoneza mayina a ana ake, lilime louma, mkodzo wochepa wofiira, ukayang'ana botolo la madzi lomwe unamusiyira m'mawa lili chodzadzire. Akatswiri a ku Barcelona atawerengetsa anapeza kuti chilimwe cha 2022 chokha kutentha kunapha anthu oposa 61,000 ku Ulaya, ndipo Italy ndi imene inali pamwamba ndi anthu pafupifupi 18,000. Mu 2003 ku Ulaya kunafa oposa 70,000, pamenepo ndi pomwe maiko a kuno anayamba kuchenjeza anthu mwadongosolo. Ndiye zolengeza pa TV zija si mantha achabe, anaika maliro ambiri asanayambe kutero.

Amayi, mwana wanu ndi wachitsikana wamphamvu, sali m'gulu loopsa kwambiri, koma mphumuyo ndi yofunika kuisamala ndipo ndikupempha mumuwerengere izi. Unduna wa zaumoyo kuno umatulutsa chenjezo tsiku lililonse la chilimwe pa mizinda 27, Catania ili momwemo, amaika mitundu, wobiriwira, wachikasu, wa olenji, ndi wofiira womwe amati bollino rosso, umenewo umatanthauza kuti ngakhale munthu wabwinobwino atha kudwala. Akaona wofiira asayendeyende kuyambira 11 koloko m'mawa mpaka 6 madzulo. Kwa wamphumu zoputa ndi zitatu, fumbi la scirocco lomwe a Palermo anena, utsi wa moto wa m'tchire, ndi phulusa la Etna chifukwa phirilo likalavula m'tauni mumagwa mchenga wakuda woti anthu amachita kusesa m'makonde ndipo nthawi zina ndege zimaimitsidwa. Masiku otero avale masiki, atseke mawindo. Inhela azikhala nayo m'chikwama nthawi zonse, ina yapadera kunyumba, koma asaisiye pa windo kapena m'galimoto yoima padzuwa. Atenge kalata ya adokotala a kwanuko yolemba dzina la mankhwala enieniwo osati la kampani lokha, ndipo akangofika alembetse za chipatala apeze dokotala wake asanadwale.

Zizindikiro zoti zinthu zafika poipa azidziwe, pa iye mwini komanso pa mnzake wogona naye nyumba imodzi. Mutu waukulu, chizungulire, nseru, kukokana kwa minofu, pamenepo apite pozizira amwe madzi pang'onopang'ono, ORS wa kwathu uja amagwira ntchito bwino kwambiri muikeniko mapaketi angapo. Koma munthu akayamba kubwebweta, kusokonezeka mutu, thupi kutentha kwambiri kapena kukomoka, aimbe 112 nthawi yomweyo ndipo podikira ambulansi amuthire madzi ozizira thupi lonse, makamaka m'khosi ndi m'khwapa, osamumwetsa kanthu ngati sakudziwa chomwe chikuchitika.

Kuno kumpoto kwa Italy ndi kwina, manambala safika a ku Sicily koma chinyezi cha chigwa cha mtsinje wa Po ndi choopsa, mphepo kulibe, thukuta siliuma, usiku wina sikutsika pansi pa 25 ndiye umadzuka wotopa kuposa mmene unagonera, ndipo masiku otero akatsatizana anayi asanu ndi pomwe ma ambulansi amachuluka.

MwanaWaNchalo

Anesi ndakumvani ndipo za mnyamata wa ku Mali zandikhudza. Koma pali chinthu chimodzi chomwe chikundiwawa mukamatchula manambalawo. Kumeneko munthu akafa ndi kutentha amawerengedwa, amapanga kafukufuku, boma limasintha lamulo la maola ogwirira ntchito. Kuno agogo akamwalira mu Novembala timangoti inali BP kapena ukalamba, palibe amene amafunsa kuti sabata imeneyo m'nyumba yamalata yopanda siling'i munali madigiri angati. Mu Okutobala 2023 a zanyengo anachenjeza kuti kuno ku chigwa kufika 44, uthenga unamveka pa wailesi inde, koma wa ganyu anapitabe kumunda, mayi wogulitsa tomato anakhalabe padzuwa pamsika chifukwa akapanda kutero ana agona ndi njala. Ana m'kalasi 100 denga lamalata 1 koloko masana, ena amakomoka timangowathira madzi nkuwabweza kunyumba. Ndiye mwina sikuti ndife olimba kuposa azungu, kungoti athu akugwa osalembedwa. Amayi a ku Zomba mverani anesiwa pa nkhani ya inhela ndi ORS, ndipo mwanayo poti akukaphunzira ulimi akaonetsetse mmene alimi a kumeneko akuthirira mbewu ndi madzi ochepa, kuno tikuzifuna zimenezo.

WophunziraKuTorino

Moni amayi ndi akuluakulu nonse. Ine ndikuphunzira za madzi ndi chilengedwe kuno ku Torino, nde ndingoonjezera chifukwa chake zinthu zikukhala chonchi, komanso chinthu chimodzi chomwe sichinatchulidwe kwenikweni chomwe asisi opita ku Cataniawo akumane nacho koyambirira chifukwa akufika kumapeto kwa Sepitembala.

Chilimwe dera lonse la nyanja ya Mediterranean limakhala pansi pa mpweya wolemera womwe umatsika kuchokera kumwamba, ukamatsika umatentha nkuuma ndipo mitambo siipangika, nchifukwa chake mvula kulibe. Akuluakulu a kuno amakuuza kuti kale mpweya umenewu umabwera kwambiri kuchokera ku nyanja ya Atlantic cha ku zilumba za Azores, kutentha kwake kunali kopiririka, koma zaka zino kawirikawiri ukuchokera kumpoto kwa Africa ndipo ukafika umakhazikika masabata. Nthaka ikakhala youma kale dzuwa lonse limathera kutenthetsa mpweya mmalo moumitsa chinyezi, ndipo mphepo ikamatsetsereka kuchokera m'mapiri kupita ku chigwa imatenthanso kwambiri, nchifukwa chake manambala oopsa amapezeka m'zigwa za mkati pang'ono monga kuseri kwa Catania ndi Siracusa osati pagombe penipeni. Ulaya ndi kontinenti yomwe ikutentha mwachangu kuposa ena onse, pafupifupi kawiri poyerekeza ndi dziko lonse, ndipo zikuoneka ndi maso. Pa 3 Julayi 2022 chigamu chachikulu cha ayezi chinagumuka pa phiri la Marmolada kumpoto kuno nkupha anthu 11 okwera phiri. Chaka chomwecho mtsinje wa Po, waukulu kwambiri mu Italy, womwe umadutsa pakati pa Torino pompano, unaphwa kuposa mmene unachitirapo pa zaka 70, mchenga unali poyera, kumathiriro ake madzi amchere a m'nyanja analowa makilomita ambiri nkuononga mbewu, alimi a mpunga analira.

Tsono nyanja ikamwa kutentha chilimwe chonse, mu Okutobala ndi Novembala mpweya wozizira ukangofika pamwamba pa madzi ofundawo mvula yake imagwa yoopsa, ya miyezi ingapo kugwa tsiku limodzi pa nthaka youma gwaa yomwe singamwe madzi. Kumapeto kwa Okutobala 2021, miyezi iwiri yokha chichitikireni 48.8 ija, ku Catania msewu waukulu wa Via Etnea unasanduka mtsinje, msika wa nsomba unamira, magalimoto anakokoloka ndipo anthu atatu anafa m'madera ozungulira. Tauniyo ili m'munsi mwa phiri ndiye madzi onse amatsikira komweko mwaliwiro. Asisi akamva allerta rossa, chenjezo lofiira la mvula, sukulu zimatsekedwa, akhale m'nyumba, asayese kuwoloka msewu womwe madzi akuthamanga ngakhale akuoneka ofika m'maondo okha, komanso asalowe m'njira za pansi pa milatho. Ife a kummwera kwa Malawi pambuyo pa Freddy sitifunika kuuzidwa kawiri za madzi otsika m'phiri. Kumpoto kunonso mu Meyi 2023 ku Emilia-Romagna komwe kuli anesiwa mitsinje inasefukira pambuyo pa chilala, anthu zikwizikwi anathawa m'nyumba, mpaka mpikisano wa magalimoto wa ku Imola unalephereka. Ndipo pa 24 Julayi 2023, tsiku lomwelo lomwe Palermo imapsa, ku Azzano Decimo kumpoto chakum'mawa kunagwa tchalala limodzi lotalika masentimita 19, lalikulu kuposa onse omwe anayezedwapo ku Ulaya, matalala a usiku umenewo anaswa madenga, magalasi a galimoto ndi masola.

Pa ulimi, a Nchalo anena zoona kuti pali zoti akaphunzire. Mu 2024 Sicily inali pa chilala chachikulu, boma linalengeza za ngozi, ku Agrigento, Enna ndi Caltanissetta madera ena madzi amatuluka kamodzi pa sabata kapena kuchepera apo, nyanja yaing'ono ya Pergusa inatsala pang'ono kuumiratu, tirigu anapserera ndipo oweta ziweto anasowa msipu. Chigwa cha Catania ndi kwawo kwa malalanje ofiira mkati aja, alimi ake amadalira madamu ndi mthirira wa madontho. Komanso chifukwa cha kufunda kwa nyengo alimi ena kumeneko anayamba kudzala mango, mapeyala ndi mapapaya, moti asisi akadzapeza mango olimidwa pa Sicily pomwepo pamsika asadabwe.

Za kuzizira, ngati adzabwere kudzacheza kumpoto kuno mu Disembala kapena Januwale jekete ya ku Catania siikwana, kuno usiku kumatsika pansi pa ziro, nkhungu tsiku lonse, dzuwa kulowa isanakwane 5 koloko. Mu Januwale 1985 ku Florence kunafika -23, ndipo ku Rome sinowo anagwa mu Febuluwale 2012 ndi 2018.

MayiWaKuZomba

Zikomo kwambiri nonse, Mulungu akudalitseni, ndamuwerengera mwanayu zonse ndipo za anesi wazikopera mu foni. A Nchalo mawu anu achiwiri aja andikumbutsa mayi anga omwe anatisiya mwezi wa Novembala kumudzi ku Balaka, sitinaganizeko za kutentha. Tapangana kuti sabata ya mawa tipite kwa adokotala tikatenge kalata ndi ma inhela. Bambo a ku Palermo ndifunsenso ziwiri, pano akusakasaka chipinda cha lendi pa intaneti, ayang'ane chani kuti asakapse kapena kuzizidwa? Nanga jekete yaikulu ndi bulangeti tigule konkuno kapena akagule komweko, poti makilo a mu ndege ndi ochepa ndipo akufunanso kunyamula ufa ndi usipa pang'ono.

WaKuPalermo

Mayi pepani za agogo. Pa chipinda, apewe cha pamwamba penipeni pansi pa denga ngakhale chikhale chotchipa kapena chooneka bwino pa chithunzi, chimenecho Julayi sichigoneka, apewenso cha pansi penipeni chifukwa cha chinyezi, nkhungu ya pakhoma ija ndi mdani wa mphumu ndipo mvula yamphamvu ikagwa madzi amayambira kulowa mmenemo. Cha pakati ndiye chabwino, ndipo ngati windo layang'ana kumadzulo adziwe kuti dzuwa la masana onse ndi lake. Afunse landilodi momveka bwino ngati muli eyakoni, ngati yomweyo imatenthetsanso nthawi yozizira poti zambiri zimachita zonse ziwiri, komanso ngati bili ya magetsi ili mu lendi kapena amagawana, chifukwa magetsi kuno ndi odula ndipo ana asukulu amakangana pa nkhani imeneyi. Afunsenso ngati nyumbayo ili ndi thanki ya madzi. Asatumize dipoziti kwa munthu amene sanamuonetse chipindacho ngakhale pa vidiyo kolo, akuba a pa intaneti amadikira ana obwera kumene, bola ayambe wafunsa ku ofesi ya ana asukulu akunja ya yunivesiteyo.

Bulangeti ndi jekete yaikulu akagule konkuno, akufika kukadali kofunda, Okutobala anthu amakhala akusambabe m'nyanja ndiye ali ndi nthawi. Ku Catania kuli msika waukulu wa panja pa Piazza Carlo Alberto, amautcha Fera 'o Luni, kaunjika aliko wambiri, ndipo mu Januwale ndi Julayi mashopu amatsitsa mitengo. Kuchokera kumudzi angotenga majuzi awiri, kajekete kosalowa madzi, nsapato yotseka yosaterera chifukwa mwala wakuda uja ukanyowa umaterera kwambiri, zovala za thonje zomasuka, chipewa ndi zitenje zake, chitenje chonyowetsa nkupachika pa windo usiku wotentha chimathandiza. Za usipa ndi zakudya zina ayambe wafunsa malamulo a pa bwalo la ndege, nyama ndi za mkaka zochokera kunja kwa Ulaya amalanda. Poimbirana foni, kuyambira kumapeto kwa Malichi mpaka kumapeto kwa Okutobala nthawi ya kuno ndi ya kwathu ndi imodzi, miyezi yozizira ife timakhala kumbuyo ndi ola limodzi. Akadziwa tsiku lofika mundilembere ku inibokosi, kuli banja lina la Amalawi kufupi ndi Catania lomwe lingakamuchingamire.